Buku Loyamba la Wophunzira Filosofi: Ankalisankha Ndani?

Pa 19 Malichi 1255, aphunzitsi a pa yunivesite ya Paris anamanga mfundo imodzi pa za mabuku oyenera kuwerengedwa ndi anyamata oyamba maphunziro. Sanangotchula mayina a mabukuwo, anaikanso nthawi imene buku lililonse liyenera kutenga. Mphunzitsi amene wayamba mabuku oyambirira a lojiki, lomwe ndi luso la kuganiza molongosoka, pa tsiku la Remi Woyera, 1 Okutobala, sankaloledwa kuwatsiriza lisanakwane tsiku la 25 Malichi. Lamuloli linabwera chifukwa aphunzitsi ena ankathamangitsa maphunziro, ophunzira n'kumatuluka m'kalasi m'mutu mulibe kanthu.

Pa mndandandawo panali pafupifupi mabuku onse a Aristotle amene ankadziwika nthawi imeneyo. Zaka 45 m'mbuyomo, mu 1210, msonkhano wa mabishopu mumzinda womwewo unaletsa kuphunzitsa mabuku a Aristotle okhudza zachilengedwe, ndipo wophwanya lamuloli ankachotsedwa mu mpingo. Mu 1215 nthumwi ya Papa, Robert de Courçon, inabwerezanso chiletsocho. Mwana amene anamva ali wamng'ono kuti mabukuwa ndi oopsa, anafika pokhala ndi imvi akuona adzukulu ake akukakamizidwa kuwawerenga kuti akhoze mayeso.

Wophunzira wa chaka choyamba lero akalandira pepala la mabuku oti awerenge, amaliona ngati chinthu chimene chinakhalapo chikhalire. Koma pepala limenelo lili ndi mbiri yaitali, ndipo amene akhala akulilemba si anzeru zakuya okha. Mabishopu, mafumu, omasulira, osindikiza mabuku, ngakhalenso mtengo wa pepala, onsewa aikapo dzanja.

Buku limene linakhala pamwamba pa mndandanda wa ku Paris silinali la Aristotle. Linali kabuku ka masamba pafupifupi 20 kotchedwa Isagoge, kolembedwa m'Chigiriki cha m'ma 270 ndi Porphyry, munthu wa ku Tyre amene anaphunzira kwa Plotinus ku Rome. Anakalembera Mroma wina dzina lake Chrysaorius, kuti kamuthandize kumvetsa buku la Aristotle la Categories. Palibe buku lina la oyamba filosofi limene lakhala m'manja mwa ophunzira nthawi yaitali kuposa kameneka: kanagwira ntchito zaka zoposa 1,000, m'zinenero zingapo, pakati pa anthu a zipembedzo zosagwirizana.

Zimene kamaphunzitsa ndi zinthu zisanu zokha zothandiza kufotokoza chinthu chilichonse. Tengani munthu. Ali m'gulu lalikulu la zamoyo zoyenda ndi kumva, limodzi ndi hatchi ndi ng'ombe. M'gululo ali ndi mtundu wake, mtundu wa anthu. Chomusiyanitsa ndi zinzakezo ndi kuganiza. Ali ndi chizindikiro chimene chili cha iye yekha ngakhale si ndicho chimamupanga kukhala munthu, ndipo Porphyry anapereka chitsanzo cha kuseka. Pomaliza pali zinthu zongomugwera, monga kugona tulo, zimene zikhoza kukhalapo kapena kusakhalapo munthu n'kukhalabe munthu. M'gulu lomalizali Porphyry anaikamo khungu lakuda la munthu wa ku Ethiopia ndi nthenga zakuda za khwangwala: n'zoona sizichoka, koma si ndizo zimanena chimene chinthucho chili. Mibadwo ya ophunzira a ku Ulaya inaloweza pamtima kuti maonekedwe a khungu sakhudza umunthu wa munthu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti phunziro limeneli silinawaletse adzukulu awo kudzachita malonda a akapolo.

Chinanso chimene Porphyry anachita n'choti mphunzitsi aliyense wabwino angachiyamikire. Kumayambiriro kwenikweni anatchula funso lovuta: kodi magulu ndi mitundu imeneyi ilipodi payokha, kapena ili m'maganizo mwa anthu basi? Atalitchula ananena kuti saliyankha, chifukwa ndi lakuya kwambiri kwa munthu wongoyamba kumene. Mwana wakhanda amayamba ndi phala, nsima imadza pambuyo. Koma polisiya funsolo poyera, anawapatsa ophunzira njala yoti adzalifunefune okha, ndipo akatswiri a ku Ulaya anakangana za funso limeneli kwa zaka mazana ambiri, Peter Abelard ndi William wa ku Ockham ali m'gulu la okanganawo.

Porphyry yemweyu analembanso buku lalikulu lotsutsa Chikhristu, limene mafumu achikhristu a Roma analamula kuti litenthedwe, komaliza mu 448. Bukulo linatheratu, kungotsala tizidutswa m'zolemba za amene ankamuyankha. Kabuku kake ka lojiki nkamene kanapulumuka, ndipo anakasunga ndi kukakopera pamanja anali amonke a m'nyumba za mapemphero.

M'masukulu a ku Athens ndi Alexandria a nthawi imeneyo, dongosolo la kuwerenga linali lokhwima. Wophunzira ankayamba ndi zoumba khalidwe, monga kabuku ka malangizo a Epictetus, munthu amene anabadwa kapolo. Kenako Porphyry, kenako Aristotle, ndipo pomalizira pake Plato. Iamblichus, amene anaphunzira kwa Porphyry, anasankha zokambirana 12 za Plato n'kuziika mu ndondomeko, kuyambira ndi Alcibiades mpaka kukafika ku Timaeus ndi Parmenides. Buku la Republic, limene lero ndi loyamba kutchulidwa munthu akafunsa za Plato, silinali pa mndandanda wa 12 umenewu. Ndipo Alcibiades, limene ankaliona ngati khomo lolowera kwa Plato, akatswiri ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1800 akhala akukayika ngati analilembadi Plato.

Ulendo wa kabuku ka Porphyry unagawanika pawiri. Kumadzulo, Boethius anakamasulira m'Chilatini n'kukalembera ndemanga ziwiri asanaphedwe cha m'ma 524 polamula mfumu Theodoric. Kwa zaka pafupifupi 600 zotsatira, ophunzira a kumadzulo kwa Ulaya ankadziwa lojiki ya Aristotle kudzera m'mabuku ochepa okhawo amene Boethius anawasiyira. Kum'mawa, kabukuko kanalowa m'Chisiriya, m'Chiameniya ndi m'Chiarabu. Katswiri wina wotchedwa al-Abhari, amene anamwalira cha m'ma 1265, analemba kabuku kake ka oyamba lojiki n'kukapatsa dzina lomwelo m'katchulidwe ka Chiarabu, Isaghuji, ndipo kanaphunzitsidwa m'madrasa kwa zaka mazana ambiri. M'zaka za m'ma 1500 al-Akhdari wa ku Algeria anaika mfundo zomwezo mu ndakatulo yaifupi yoti ana aziloweza, ndipo ndakatuloyo inafalikira kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa. Choncho mnyamata wokhala pamphasa kwa shehe wake kumadzulo kwa Africa ndi mnzake wa ku Paris ankaswa mitu ndi zinthu zisanu zomwe zija.

Ku China nakonso nkhani ya buku loyamba sankaitenga mwachibwana. Zhu Xi, amene anamwalira mu 1200, anasankha mabuku anayi a chiphunzitso cha Confucius n'kunena kuti wophunzira ayambe ndi lalifupi kwambiri mwa anayiwo. Kuyambira 1313 mpaka 1905, mayeso a anthu ofuna ntchito ya boma ankatsamira pa mabuku anayi amenewa.

Tibwerere ku Paris. Anyamata ankafika pa yunivesite ali ndi zaka 14 kapena 15. Makalasi ambiri a filosofi ankachitikira mumsewu wopapatiza wotchedwa Rue du Fouarre, kumene ophunzira ankakhala pansi pa udzu wouma. Buku linali chinthu chodula koopsa, pakuti lililonse linkalembedwa pamanja pa zikopa. Ogulitsa mabuku ovomerezedwa ndi yunivesite ankasunga buku limodzi lolondola lomasulidwa m'zigawo, ndipo wophunzira ankabwereka chigawo chimodzi pa ndalama yochepa, n'kukakopera, n'kubweza, n'kutenga china. M'kalasi mphunzitsi ankawerenga mokweza mzere ndi mzere akufotokoza. Panalinso nthawi ya mtsutso, pamene wina ankaima kuteteza mfundo, anzake akuigwetsa. Kuwerenga ndi kutsutsana zinkayendera limodzi, ndipo apa anthu akalewo anaona patali: buku la filosofi limene munthu waliwerenga yekha osalimbana nalo ndi mnzake, nthawi zambiri amangoliloweza.

Ulamuliro wa Aristotle unakhalitsa. Mu 1599 ansembe a chipani cha Jesuit anatulutsa dongosolo la maphunziro la masukulu awo onse, lotchedwa Ratio Studiorum, limene linapereka zaka zitatu ku filosofi, zonse zotsamira pa Aristotle. Mmodzi mwa ana amene anadutsa m'dongosolo limeneli pa sukulu ya La Flèche ku France anali René Descartes. Anatulukamo akuwalemekeza aphunzitsi ake koma wosakhutira ndi zimene anamuphunzitsa, ndipo anaganiza zoyambiranso pachiyambi.

Buku lake la Meditations linatuluka m'Chilatini mu 1641. Lili ndi zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo munthu akhoza kulimaliza tsiku limodzi, koma mwini wake sankafuna zimenezo. Analangiza kuti owerenga akhale miyezi, kapena masabata ndithu, akusinkhasinkha chigawo choyamba chokha, chimene chimafunsa ngati pali chinthu chimene munthu sangachikayikire. M'chigawo chachiwiri amatenga phula longochoka kumene mumng'oma. Likadali ndi kakomedwe ka uchi ndi kafungo ka maluwa, ndi lolimba, lozizira, ukaligogoda limalira. Akaliyandikiza pamoto, fungo limatha, mtundu umasintha, limasungunuka, limatentha, silimvekanso ukaligogoda. Zonse zimene maso, mphuno, lilime, khutu ndi zala zinanena za phulalo zapita, komabe aliyense akuvomera kuti ndi phula lomwe lija. Ndiye walidziwa ndi chiyani? Aliyense amene anafulapo njuchi akhoza kulimvetsa funsoli popanda digiri, ndipo n'chifukwa chake bukuli limagwira mtima wa oyamba kumene.

Descartes ankafunitsitsa kuti mabuku ake alowe m'kalasi, moti mu 1644 anatulutsa Principles of Philosophy molitsanzira mabuku ophunzitsira a m'masukulu. Sizinatheke ali moyo. Mu 1663, patatha zaka 13 atamwalira, mpingo wa Katolika unaika zolemba zake pa mndandanda wa mabuku oletsedwa. Lero Principles limawerengedwa makamaka ndi akatswiri, pamene Meditations lili pa mndandanda wa chaka choyamba m'mayunivesite ambirimbiri.

Pali munthu wina amene dzina lake linachedwa kwambiri kufika pa mapepala amenewa. Mu 1643 Elisabeth wa ku Bohemia, mwana wa mfumu wa zaka 24, analembera Descartes kalata yomufunsa kuti, ngati maganizo si chinthu chokhudzika, amatha bwanji kusuntha dzanja la munthu. Descartes anayankha kawiri konse osamukhutiritsa, ndipo funsolo likuvutabe mpaka pano. Makalata a Elisabeth anasindikizidwa mu 1879, ndipo ndi m'zaka zaposachedwapa pamene aphunzitsi ayamba kuwapereka kwa ophunzira limodzi ndi Meditations. Wophunzira amene wawerenga Descartes osamva funso la mayiyu wangomva mbali imodzi ya mlandu.

Mabuku enanso awiri amene oyamba amapatsidwa anabadwa chifukwa choti mabuku akuluakulu a eni ake anakanika kuwerengeka. David Hume anatulutsa Treatise of Human Nature mu 1739 ndi 1740, anthu sanalilabadire, ndipo mu 1748 analembanso mfundo zake mwachidule m'buku limene lero limatchedwa Enquiry concerning Human Understanding. Iyeyu anakanizidwa mpando wa uprofesa ku Edinburgh mu 1745 chifukwa atsogoleri a mpingo ankamukayikira pa chikhulupiriro. Immanuel Kant naye, ataona kuti Critique of Pure Reason la 1781 lazunguza anthu mitu, analemba Prolegomena mu 1783. M'kalasi mwake ku Königsberg, Kant sankaphunzitsa kuchokera m'mabuku akewa. Malamulo a boma la Prussia ankafuna kuti mphunzitsi azitsatira buku lophunzitsira, ndipo iye ankagwiritsa ntchito la Alexander Baumgarten, limene anadzaza m'mphepete mwa masamba ake ndi zolemba zake.

Kwa nthawi yaitali, chipata chenicheni sichinali buku koma chinenero. Ku Oxford m'zaka za m'ma 1800, filosofi inkaphunziridwa powerenga Republic ya Plato ndi Nicomachean Ethics ya Aristotle m'Chigiriki, ndiye kuti mwana amene makolo ake analibe ndalama zomutumizira ku sukulu zophunzitsa Chigiriki analibe polowera. Mu 1920 zinthu zitatu zinachitika pa yunivesiteyi: Chigiriki chinasiya kukhala chokakamiza polowa, amayi anayamba kulandira madigiri, ndipo anakhazikitsa maphunziro atsopano ophatikiza filosofi, ndale ndi zachuma.

Chipatacho chinali chitayamba kale kutseguka kunja kwa mpanda. Mu 1912 Bertrand Russell anatulutsa The Problems of Philosophy m'gulu la mabuku lotchedwa Home University Library, olembera anthu wamba amene sakanatha kupita ku yunivesite. Mtengo wake unali sheleni imodzi. Bukuli limayamba ndi tebulo limene wolembayo wakhalapo. Mtundu wake umaoneka mosiyana malinga ndi mbali imene kuwala kukuchokera. Ndi losalala ukaliona ndi maso, koma la mapiri ndi zigwa ukaliona pa makina okuza zinthu. Ngodya zake zimasintha ukasuntha mpando. Tsono tebulo lenileni ndi liti? Kumapeto kwa bukuli Russell anaika mabuku asanu ndi awiri, n'kunena kuti wofuna kudziwa filosofi apindula kwambiri powerenga eni ake kusiyana ndi kudalira mabuku owafotokoza. Anatchula Republic ya Plato, Meditations ya Descartes, Ethics ya Spinoza, Monadology ya Leibniz, Three Dialogues ya Berkeley, Enquiry ya Hume ndi Prolegomena ya Kant. Aristotle, amene analamulira kalasi zaka mazana onse aja, palibepo. Palibenso mayi, palibe Mwarabu, Mmwenye, Mtchaina kapena munthu wa mu Africa. Komabe malangizo ake oti munthu akumane ndi mwini mawu ndi olondola, ndipo mapepala ambiri a chaka choyamba m'mayiko olankhula Chingerezi akufananabe ndi mndandanda umenewu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ophunzira anachuluka ndipo njira zinachulukanso. Wansembe wa chipani cha Jesuit, Frederick Copleston, analemba mbiri ya filosofi m'mabuku 9 pakati pa 1946 ndi 1975, poyamba akuganizira anyamata a m'maseminale. Ku America kunabuka mabuku osonkhanitsa tizigawo ta olemba osiyanasiyana pansi pa mitu ngati Mulungu, ufulu wosankha ndi chilungamo. Nkhani zazifupi za m'magazini a akatswiri zinalowanso m'kalasi: ya Edmund Gettier ya 1963, ya masamba atatu okha, yofunsa kuti kudziwa chinthu n'kutani, ndi ya Peter Singer ya 1972, imene imafunsa ngati munthu wodutsa pafupi ndi mwana amene akumira m'dziwe losaya angakane kumuvuula poopa kudetsa zovala, nanga bwanji za mwana wa njala wa kutali. Thomas Nagel mu 1987 analemba What Does It All Mean?, kabuku ka masamba pafupifupi 100 kongofunsa mafunso osadalira mayina a anthu otchuka, ndipo mphunzitsi wa ku Norway, Jostein Gaarder, anaika mbiri yonse ya filosofi ya ku Ulaya m'nthano ya mtsikana, Sophie's World, mu 1991. Mabuku awiriwa ndi abwino kudzutsira chilakolako. Kuipa kwa tizigawo n'kwakuti wophunzira akhoza kumaliza chaka asanatsatire maganizo a munthu mmodzi kuchokera poyambira mpaka pothera.

Nanga Africa? Anton Wilhelm Amo, wobadwira pafupi ndi Axim m'dziko limene lero ndi Ghana, anatengedwa kupita ku Ulaya ali mwana, analandira digiri ya udokotala ku Wittenberg mu 1734 ndi nkhani yotsutsa mbali ina ya maganizo a Descartes, n'kuphunzitsa ku Halle ndi Jena. Mu 1738 anatulutsa buku lonena za luso lochita filosofi modekha ndi molondola. Atabwerera kwawo cha m'ma 1747, dzina lake linazimirira m'makalasi kwa zaka pafupifupi 200.

Mayunivesite a mu Africa atatsegulidwa, ambiri anatengera mndandanda wa ku London, Paris kapena Louvain. Kuno ku Malawi filosofi ya m'kalasi inayamba kufika kudzera m'maseminale, monga ya Kachebere ku Mchinji imene inatsegulidwa mu 1939, yunivesite ya Malawi isanalandire ophunzira ake oyamba mu 1965. Buku loyamba lonena za maganizo a anthu akuda limene linafala m'makalasi linali la mmishonale wa ku Belgium, Placide Tempels, lotuluka mu 1945 kuchokera pa zimene anaona pakati pa Aluba ku Congo. John Mbiti wa ku Kenya anatulutsa African Religions and Philosophy mu 1969 kuchokera pa zimene ankaphunzitsa ku Makerere. Kenako mtsutso unabuka. Paulin Hountondji wa ku Benin anati kulemba zikhulupiriro za mtundu wonse ngati kuti anthu onse amaganiza chimodzimodzi si filosofi. Pamafunika munthu wodziwika dzina, wopereka zifukwa, woti ena amutsutse. Kwasi Wiredu wa ku Ghana, m'buku lake la 1980, Philosophy and an African Culture, anapempha kuti miyambo ya makolo ndi maganizo obwera ndi atsamunda zonse ziyesedwe pa sikelo imodzi. Henry Odera Oruka wa ku Kenya anapita kumidzi kukacheza ndi madoda ndi amayi anzeru, n'kulemba mayina awo ndi mfundo zawo m'buku la Sage Philosophy la 1990. Mtsutso umenewu ndi umene uyenera kuperekedwa kwa wophunzira wa chaka choyamba, osati buku limodzi longomuuza zimene "munthu wa mu Africa amakhulupirira".

Amalawi nawo analowamo. Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, analemba buku lonena za Leibniz komanso nkhani zoyeza maganizo a Tempels ndi Mbiti pa za umunthu pogwiritsa ntchito kalankhulidwe ndi miyambi ya Achewa. Zina mwa nkhanizi zili m'buku la The African Philosophy Reader la 1998, limene lagwiritsidwa ntchito kwambiri m'mayunivesite a kum'mwera kwa Africa. Grivas Kayange, wa pa sukulu yomweyo, anatulutsa Meaning and Truth in African Philosophy mu 2018, ndipo zitsanzo zake zambiri ndi za Chichewa.

Vuto limene latsala ndi la mtengo. Mabuku a Plato, Descartes, Hume ndi kabuku ka Russell kaja ndi akale moti m'mayiko ambiri aliyense ali ndi ufulu wowakopera, ndipo amapezeka ulere pa intaneti, pa malo ngati Project Gutenberg. Wophunzira wa ku Zomba, Mzuzu kapena Chipata amene ali ndi foni ndi bandulo yochepa akhoza kukhala nawo onse madzulo amodzi. Buku la Wiredu linasindikizidwa ndi Cambridge University Press, la Kayange ndi Springer, la Oruka ndi Brill ku Leiden, ndipo onsewa amagulitsidwa pa mapaundi, mayuro ndi madola. Laibulale ikakhala ndi buku limodzi lokha la mtundu umenewu, kalasi yonse imadikirana, kapena mphunzitsi amachita fotokope chaputala chimodzi n'kugawira ophunzira ake.